Firiji Imene Inkayenda Mitala

Tsiku limene firiji inafika kwa Che Binali, Esha anali akupeta mpunga pakhonde. Ataona anyamata akukhota kuchokera kumsewu wa kusiteshoni atasenza chinthu choyera mbee pamitengo, amuna ake akutsogolera chisoti chili m'manja, anaika lichero pansi n'kuchotsa mtondo pakhomo kuti katunduyo alowe bwino. Anafika mpaka potsekula chitseko chonse n'kuchiikira mwala. Anyamatawo anadutsa. Anadutsa pamaso pake penipeni, thukuta lili kamukamu, n'kukalowa m'nyumba ya Nafisa, mkazi wamng'ono, imene inali kuseri kwa mtengo wa mango. Che Binali sanacheuke n'komwe.

Esha anabweza mtondo pamalo pake. Akazi oyandikana nawo amene anaona zonsezi anayang'ana kumbali, ndipo kuyang'ana kumbaliko kunamupweteka kuposa akanaseka.

Zinali zaka za Chitaganya, mwezi wa Okutobala, pamene Salima amatentha mpaka nkhuku kuyenda kukamwa kuli yasa. Che Binali anali atatchuka. Ankagula nsomba kwa asodzi a ku Mbenji, kuziwamba n'kuzikweza sitima ya ku Limbe, ndiponso anali ndi kantini pafupi ndi msika. Koma Esha anakwatiwa nawo akupalasa bwato la eni ake, ali ndi malaya amodzi ochapa n'kudikira kuti aume. Nsomba zimene zinamanga kantiniyo anawamba ndi Esha, mpaka maso ake anafiira ndi utsi osayeranso. Anawaberekera mwana wamwamuna, Ahmad, amene tsopano anali kumigodi ku Joni. Ndiye chuma chitabwera, bambo aja anazindikira mwadzidzidzi kuti mtima wawo ndi waukulu, mungakwane akazi awiri. Amuna mtima umawakulira limodzi ndi thumba.

Esha mitala anaivomera. Chipembedzo chimalola, ndipo tsiku lomanga ukwati wachiwiriwo shehe ananena pamaso pa anthu kuti wokwatira awiri aziyeza mofanana. Kunena zoona, poyamba Che Binali ankayesetsa. Nsalu zinkagulidwa ziwiri za maluwa amodzi. Shuga ankagawidwa ndi kapu imodzi, sopo ankadulidwa pakati ndi ulusi. Kugona kunali sabata kuno, sabata uko. Nsanje inalipo, nanga mitala yopanda nsanje inaoneka kuti, koma inali nsanje yoti munthu n'kupeza nayo tulo.

Firiji sidulidwa ndi ulusi. Esha atafunsa madzulo ake, Che Binali anayankha akuvula nsapato, ngati akukamba za nyengo. Ati anaigula kwa mmwenye wa sitolo amene ankasamukira ku Limbe, yemwe uja Nafisa ankamulerera ana asanakwatiwe, choncho Nafisa ndiye akudziwa kasamalidwe kake. Ati chinthucho chimafuna pansi pa simenti, posalala, pamene nyumba ya Esha ndi yozira ndi dothi.

"Simentiyo ndinayamba kukupemphani Nafisa asanamere mawere," anatero Esha.

Che Binali anati nkhani zakale sizimanga banja, n'kupempha madzi osamba.

Inali firiji ya parafini, poti magetsi kunalibe. Kunsi kwake kunali thanki ndi kanyale kakang'ono, ndipo anthu ankachokera kutali kudzagwada n'kusuzumira, osamvetsa kuti moto ungabale bwanji kuzizira. M'kati chakumwamba munali kachipinda momwe madzi ankauma gwa ngati matalala. Esha sankafuna kuona, koma maso a nsanje samvera mwini wake. M'mawa uliwonse akusesa, ankaona kudzera pakhomo Nafisa atagwada patsogolo pa chinthucho, akuyang'ana lawi, akudula chingwe cha nyale ndi lumo, akusefa parafini pakansalu, kenako n'kuchipukuta thupi lonse ngati khanda.

Apongozi ake, Abiti Ramadhani, amene zaka zonsezi ankakhalira pakhonde la Esha, kudya za Esha, kudwala n'kusambitsidwa ndi Esha, anapinda mkeka wawo n'kukauyala kwa Nafisa. Ati kumeneko kuli kamphepo. Kamphepo kake kanali m'kapu. Amuna a m'deralo akatuluka kumzikiti Lachisanu sankaimanso kwa mayi wamkulu kupereka salamu. Ankangokweza dzanja ali panjira, miyendo ikuthamangira kuseri kwa mango. Zonsezi Esha akanazimeza. Chimene chinamukakamira pakhosi n'chakuti ngakhale pa sabata yake, Che Binali akatseka kantini ankayamba alowa kwa Nafisa, ati kukangomwa madzi. Madzi ake omwa mpaka ndiwo kuzizira m'mbale, madzi omwa ndi phwete lomwe. Esha ankakhala pakhonde manja ali m'masaya, kumvetsera kuseka kwa amuna ake kukudutsa pansi pa mango, kuseka kumene m'nyumba mwake kunali kutasowa kalekale. Ankafika kwa iye mimba itadzaza madzi, n'kungotolako pang'ono chakudya, basi kukagona.

Tsiku lina Esha anapitako yekha ponamizira kubwereka sefa. Nafisa anamulandira mwaulemu, poti mwanayo mwano analibe, ndipo chimenecho ndicho chinkanyansa kwambiri, chifukwa munthu wofuna kumuda ankasowa pogwira. Anamuyalira mkeka, anatsekula firiji msangamsanga, kutulutsa botolo n'kutseka. Anathira madzi m'kapu, kuponyamo kamwala ka ayisi, n'kupereka atagwada. Esha anamwa. Madziwo anamulasa m'mano, anatsika pakhosi mpaka pachifuwa ngati wina akumusisita ndi dzanja lonyowa, thupi lonse linati zii. Anali okoma. Anali okoma moti misozi inalengeza m'maso, chifukwa anamvetsa kuti akanakhala mwamuna, nayenso akanakhotera kuno.

Abiti Ramadhani, ali gone pamkeka, anamufunsa ngati tsopano waona mmene amamwera anthu. Esha anabweza kapu n'kutuluka osatenga sefa ija.

Anatumiza mawu ku Lifuwu kwa mchimwene wake Mustapha, nkhoswe yake, mlimi wa mpunga wosakonda zolankhulalankhula. Anakhala pansi Loweruka, kuchimuna kuli atsibweni a Che Binali. Esha sanazungulire. Anati shehe ananena zoyeza mofanana, ndipo iye sanamve kuti lamulolo limathera pa sopo. Che Binali anati firiji ina yogulitsa kulibe m'Salima monse, ndipo ngakhale ikanakhalapo, iwo si Boma. Atsibweni anati mkazi wamkulu azikhala ndi mtima waukulu. Esha anati mtima wake wakula mokwanira, tsopano ukufuna madzi ozizira.

Amene anadula nkhani ndi Mustapha. Anafunsa ngati pakhomopo palibe chinthu china chosadulika pakati chimene akazi onse awiri amagawana. Anthu anayang'anizana, kenako onse anayang'ana Che Binali. Ndiye basi, anatero Mustapha, firiji iziyenda mmene amayendera mwini wake: sabata kuno, sabata uko. Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvomereza.

Nafisa anapempha kulankhulako. Anati chinthucho sichikonda kunyamulidwanyamulidwa. Chikasuntha chimafuna chiime mowongoka, chipume tsiku lathunthu chisanayatsidwe, apo ayi sichizizira.

"Zakuwawa eti," anatero Esha. "Ine ndagawana nawe mwamuna koma sindinafe. Iwe sufa ndi kabati."

Nafisa anaweramitsa mutu.

Tsiku losinthana litafika, anyamata a kumsika anaisenza. Chitseko cha Esha chinali chachifupi, ndiye polowetsa anaigoneka chammbali, n'kukaiimika pakona pamene pansi panali potsetsereka pang'ono chifukwa cha kuzira kwa zaka zambiri. Esha sanadikire tsiku lathunthu la ndani. Zopuma zija anaziyesa bodza la mkazi mnzake lofuna kumudyera tsiku pa sabata yake. Anayatsa nthawi yomweyo. Ataona kalawi kakang'ono ka buluu, anati kamoto aka sikangawiritse ngakhale tiyi, n'kukweza chingwe mpaka lawi linakula, lachikasu, lonyambita. Kwa munthu amene wakhalira pamoto moyo wake wonse, moto wambiri ndiye ntchito yambiri. Akazi anzake anabwera kudzaona, ndipo aliyense anamutsekulira chitseko kuti alowetse dzanja amve.

Tsiku lomwelo asodzi anabweretsa kampango wamkulu wa ku Mbenji, wonona, amene Abiti Ramadhani anaitanitsa chifukwa mkuja kunkabwera abale awo a ku Nkhotakota kudzaona chodabwitsacho. Masiku onse Esha akanamutumbula n'kumuwamba dzuwa lisanapendeke, ndipo m'dera lonselo munalibe mkazi womuposa pa ntchito imeneyo. Koma nanga mwini firiji amawambanso nsomba? Anamuduladula, kumuika m'beseni wamuwisi, kulowetsa n'kutseka.

M'mawa mwake madzi a m'mabotolo anali ofunda ngati a pachithaphwi. Che Binali analawa n'kukwinya nkhope. Esha anaganiza kuti vuto ndi kutsekulatsekula kuja, choncho anamanga chitseko ndi mpango, analetsa aliyense kuchikhudza, n'kuwonjezeranso moto. Khoma la kuseri linada bii ndi mwaye, nyumba yonse kununkha parafini.

Alendo anafika, amuna atavala mikanjo yoyera, akazi ndi mipango yatsopano. Abiti Ramadhani anawalowetsa m'nyumba monyadira n'kulamula mpongozi wawo kuti atsekule. Esha anamasula mpango uja. Fungo limene linatuluka mmenemo linathamangitsa anthu mpaka pabwalo, ena atatsina mphuno, mayi wina akusanza kuseri kwa nkhokwe. Kampango anali atabiriwira, madzi ake akuchucha m'mashelefu.

"Mwana wanga wagula chinthu cha anthu n'kuchipereka kwa nyani," anatero Abiti Ramadhani, alendo onse akumva. "Uyu ngwa utsi basi. Mubwezereni ku nkhuni zake."

Esha anayang'ana amuna ake kuti anenepo kanthu. Che Binali anali atagwada kunsi kwa firiji, akuisisita m'mbali, akufunsa ngati yafa.

Esha anadutsa pakati pa alendowo n'kulunjika kuseri kwa mango. Anakankha chitseko cha Nafisa mpaka chinamenya khoma, n'kuchimenyetsanso kumbuyo kwake. Anamupeza ali gone pasimenti masanasana, mwendo uku mwendo uko, ali m'tulo. Anamudzutsa ndi mawu osayenera kulembedwa. Anati waimanga firiji ndi mankhwala. Anati anapita kwa sing'anga kwawo ku Khombedza kuti chinthucho chizizizira m'nyumba mwake mokha. Anati wamulanda mwamuna, wamulanda apongozi, tsopano wamulanda ndi ulemu womwe pamaso pa alendo. Polankhulapo misozi inali ikutsika, mamina omwe, mawu akudukaduka.

Nafisa anadzuka n'kukhala tsonga, akutikita m'maso.

"Amayi, chibwerere chinthu chija, sabata ino ndi yoyamba ine kugona masana," anatero. "Ndimakhalira kuchitsime. Mabotolo ndidzaze ine, makapu nditsuke ine, anthu osawadziwa ali tho pakhonde, apongozi akuitanitsa ayisi ngati ndimachita kubereka. Ndikanakhala nawo mankhwala, ndikanaimanga kuti izizizira kwanu kokha."

 Esha anali atabwerera ndewu, ndipo anali wokonzeka kung'amba nsalu ndi kuzula tsitsi. Chimene sanachikonzekere ndi mkazi mnzake wotopa.

Alendo atapita kukadya nyemba kwa atsibweni, Nafisa anabwera kwa Esha atamanga nsalu m'chiuno. Anazimitsa moto. Anatsuka m'kati monse ndi madzi a soda, n'kusiya chitseko chotsekula kuti fungo lituluke. Anapukuta mwaye m'chumuni cha kuseri ndi kansanza komangirira kuwaya, anadula chingwe chopsereracho kuti chikhale chofanana. Kenako anaika mbale ya madzi pamwamba pa firiji n'kumuuza Esha kuti ayang'ane. Madzi anathawira mbali imodzi. Anathandizana awiriwo, wina kutukula, wina kulowetsa mapale ndi timatabwa kunsi kwa miyendo, mpaka madzi a m'mbale anakhala pakati, phee. Nafisa anati isayatsidwe mpaka mawa nthawi ngati yomweyo, ndipo ikayatsidwa lawi likhale laling'ono, la buluu, losafuka. Chakudya chotentha chisalowemo. Ayisi akakula m'kachipinda kaja mpaka kutseka malo, aziizimitsa kuti asungunuke yekha, osamugoba ndi mpeni. Esha anamvetsera nkhope ili kumbali. Zikomo sananene, koma Nafisa akuchoka, Esha anamutapira mpunga wa ku Lifuwu m'kambale.

Sabata imeneyo inatha firiji itangoyamba kuzizira. Ulendo wotsatira Che Binali anakonzekera. Anaitana mmisiri kudzakweza mphuthu ya chitseko kuti chinthucho chizilowa choimirira, ndipo anabweretsa simenti. Esha ataona thumba lija likutsitsidwa pakhomo pake, mtima unadumpha. Mmisiri anayeza pakona paja n'kuthira simenti pamalo pongokwana miyendo ya firiji, kukula kwake ngati kamkeka ka mwana. Kwina konse kunatsala dothi.

Firiji inazizira, ndipo zonse zimene Esha ankalirira zinabwera. Mkeka wa Abiti Ramadhani unabwerera pakhonde, eni ake osatchulako za nyani. Amuna a kumzikiti anaikumbukira njira. Che Binali ankatseka kantini dzuwa likadalipo n'kubwera molunjika. Masiku oyamba Esha ankayenda ngati mkwatibwi, akugawa madzi a ayisi, akuponya diso kuseri kwa mango kuti aone ngati mnzake akuona. Mnzakeyo anali akulukitsa tsitsi, mapazi atawongola pamkeka.

Koma nsanje ili ndi maso akuthwa, ndipo ikasowa mkazi woti imuyang'ane imapeza china. Esha anayamba kuona kalowedwe ka amuna ake. Salamu inkaperekedwa nkhope italoza pakona. Funso loyamba linali la parafini, lachiwiri la lawi. Ankagwada, iwo amene bondo linkawavuta poswali, n'kusuzumira kunsi nthawi yaitali, n'kudzuka akumwetulira. Tsiku lina Esha anagwidwa ndi mutu waching'alang'ala mpaka kugona osaphika; bambo aja anaima pakhomo la kuchipinda n'kufunsa ngati wakumbukira kudula chingwe. Tsiku losinthana, anyamata atasenza, Che Binali anatsatira pambuyo dzanja lili pa firiji, akuti pang'onopang'ono, samalani mwala uwo. Apongozi anapinda mkeka n'kulondola. Esha anaima pakhomo atagwira chisoti chimene amuna ake anaiwala, kudikira kuti acheuke. Chisoticho anadzatenga ndi Nafisa.

Kumsika anthu anayamba kunena kuti Che Binali ali ndi akazi atatu, ndipo wapamtima ndi woyerayo, wosayankha. Esha anazimva akugula mchere. Anasekera limodzi ndi onenawo, koma atafika kunyumba anakhala pakasimenti kaja, pamene panali popanda kanthu sabata imeneyo, n'kulira mpaka nsalu kunyowa.

Sabata yake itayandikiranso, anapita kukantini masana, nthawi yopanda ogula, n'kuima kutsogolo kwa kauntala ngati mlendo.

"Bambo a Ahmad, ulendo uno firiji isabwere. Ikhale komweko. Mubwere inu nokha."

Che Binali anaseka. Ati akazi ndi ovuta kuwamvetsa, dzulo ankhoswe, lero isabwere. Anafunsa ngati yamutopetsa. Esha anati sinamutopetse, pali china chimene akufuna aone. Iwo anati palibe vuto, ndiponso zili bwino, chifukwa kunyamulanyamula kumaononga chinthu.

Tsikulo Esha anazira nyumba, anasesa mpaka kunjira. Anaphika mpunga wonunkhira wa kwawo ndi chambo chootcha, mmene bambowo ankachikondera akadali osauka. Anatsuka mtsuko, kuufukiza ndi zitsononkho, kuudzaza madzi otunga m'mamawa, n'kuukhazika pamchenga wonyowa pamthunzi. Anasamba, anadzola, anavala nsalu yake yabwino. Pakhonde panalibe mkeka wa apongozi, panjira sipanaime munthu. Analibe nazo ntchito. Ankadikira munthu mmodzi.

Anabwera, inde. Anatulukira kuseri kwa mango, m'khwapa atapanira kanthu kokulunga m'chiguduli chonyowa. Anakhala pamkeka, anasamba m'manja, anayamikira fungo la mpunga. Esha anagwada, anatunga madzi mumtsuko n'kupereka chikho ndi manja awiri. Che Binali anati asavutike, n'kumasula chiguduli chija. Linali botolo, lochita thukuta ndi kuzizira. Analiimika pambali pa mbale.

Pamitala pali malamulo amene shehe sanena chifukwa ngakhale mwana amawadziwa. Mwamuna amadya za nyumba imene akugona, amamwa madzi otunga mkazi wa sabata imeneyo. Cha m'nyumba ina sichidutsa pakhomo, ngakhale mchere.

"Madzi awo watunga ndani?" anafunsa Esha.

Che Binali anati madzi ndi madzi.

"Ndafunsa kuti watunga ndani."

Anati Nafisa, nanga akanatunga ndani, ndipo asayambitse nkhani pa chinthu chaching'ono kunja kukutentha chonchi.

Esha anali akadali chogwada, chikho chili m'manja. "Ndinkayesa ndikulimbana ndi Nafisa," anatero, mawu ali pansipansi. "Mwana uja ndamutukwana, ndamunamizira ufiti, chonsecho iye ndi ine tonse ndife otungira madzi mkazi wanu weniweni. Ine ndinakwatiwa nanu mulibe nsapato, bambo a Ahmad. Madzi a m'manja mwangamu munkamwa ali amatope n'kumati akoma. Lero sabata imodzi yokha yakukanikani."

Che Binali anaona kuti zavuta, anayamba kunyengerera. Ati amuikira simenti nyumba yonse mvula isanagwe. Ati afunsa ku Limbe ngati kungapezeke firiji ina. Ati iye ndi mayi wa pakhomo, palibe angamulande malo. Koma akulankhula zonsezo dzanja lawo linali pa botolo lija, ndipo pakati pa mawu analikweza n'kumwa, poopa kuti lingafunde.

Esha anaika chikho pansi, analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka dothi linayoyoka pakhoma. Che Binali anagogoda, Esha sanatsekule. Anamva mbale zikulira, bambo aja akudya okha.

Kutacha Esha anali atamanga kale katundu wake: nsalu, miphika iwiri, mkeka wake woswalira. Nkhani inafika msanga kuseri kwa mango. Abiti Ramadhani anakuwa ali pakhonde pomwepo kuti mkazi wochoka pabanja chifukwa cha botolo adzasekedwa kuyambira Salima mpaka Lifuwu.  Amene anamuthamangira Esha ndi Nafisa, wopanda mpango kumutu, akulira poyera, akufunsa kuti akumusiyira ndani mtolo wonsewu. Anamulanda kamtanga ka miphika n'kuyenda naye mpaka kumsewu.

Che Binali anawapeza pamphambano, akupuma mwabefu, opanda chisoti. Esha anali asanawaonepo akuthamanga chikhalire ndi kantini. Anamugwira dzanja pamaso pa anthu opita kumsika, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane. Anati Walahi alakwa. Anati Ahmad akadzabwera kuchokera ku Joni adzamuuza chiyani. Anati lero lomwe abwera chimanjamanja, amwa za mumtsuko, ngakhale za m'chithaphwi amwa. Maso awo anali atanyowa ndithu, mawu akunjenjemera ngati a mnyamata wa bwato uja. Esha anawayang'ana nthawi yaitali. Mtima wa mkazi ndi wopusa, umakumbukira zabwino pa nthawi yolakwika. Anatula katundu pansi.

Pomwepo mawu a Abiti Ramadhani anamveka kuchokera kunyumba.

"Binali, chinthu chako chikufuka kuno! Utsi wakuda!"

Dzanja lija linamasuka. Che Binali anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana kunyumba, anati adikire pang'ono chabe, abwera pompano. Esha sanacheuke. Anayang'ana msewu wa ku Lifuwu, woyera ndi fumbi.

"Apita," anatero Nafisa, akupukuta misozi.

"Ndamva mapazi," anayankha Esha, akukonza nkhata pamutu. "Ndisenzetse, mwana iwe, dzuwa lisanakwere."